Chithunzi cha Amayi pa pepala lopyapyala

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Nkaya. Kaya inu mukudzuka bwanji ku Joniko? Ife tilipo, koma Amayi miyendo yayamba kutupa, ndipo mango aawisi amene tinkaphika aja atha m'mitengo.

Chithunzi munapempha chija ndachiika m'kalata muno. Lachiwiri ndinapita ku Balaka kukagula mapepala a makina osindikizira amene munatisiyira. Wogulitsa anandionetsa mitundu iwiri, yonse yonyezimira: opyapyala otchipa, ndi okhuthala osasuluka msanga. Anati, "Ngati n'chonyamula pa maliro tengani okhuthalawa, koma atsala ochepa. Chaka chino anthu akuwalimbirana." Ndinamukalipira kuti iyayi, mayi anga ali moyo, n'kutenga otchipawo.

Powajambula, Amayi anakulunga zitenje ziwiri m'kati mwa bulauzi kuti muziona ngati anenepa, musamadandaule kuntchito. Za kusitolo sindinawauze. Koma chithunzi chitatuluka, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchipinda pang'ono ndi zala. Kenako anati, "Esinati, pepala ili n'lofewa. Ukagule lokhuthala, usindikize china, uchisunge m'Baibulo. Anthu asadzavutike kufunafuna."

Achimwene, musayang'ane bulauziyo. Yang'anani khosi ndi mikono. Tumizani ya chimanga msanga, ndipo ngati abwana angakuloleni, bwerani nokha mwezi uno usanathe. Ine mawa ndikubwerera kwa wogulitsa uja, mwina ndikapeza lotsala.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati