Chithunzi cha Asiyatu

Achimwene,

Salaam aleikum. Kuno kwa Kalembo tilipo, kungoti amayi miyendo yatupanso. Njala yafika poipa, tikudya mango aawisi owiritsa.

Uthenga wanu ndaumva, woti mwaona mwana wanga Asiyatu pa intaneti atanenepa, ndiye mtima wanu uli m'malo kuti tikudya. Iyayi achimwene. Chithunzicho wojambula ndine.

Mwanayu waonda zomvetsa chisoni. Ataika chithunzi chake mwezi watha, anzake analemba kuti watenga matenda kwa amuna a ku Nsanama. Analira, kuchigayo komwe anasiya kupita. Lachisanu ndinam'peza akukulunga zitenje zanga ziwiri m'chiuno, mkati mwa diresi. Masaya anachita kukonza pafoni pomwepo.

"Amayi, ndijambuleni cham'mbali," anatero.

Anamwetulira, ndinajambula. Kenako anakhala pansi chifukwa cha chizungulire. Pano anzake aja akuti thupi labwera, iye n'kumawerenga ali chigonere pamphasa.

Chonde titumizireni thandizo la chimanga. Allah akusungeni ku Joniko. Koma musamuuze kuti ndaulula. Mungomulembera kuti wakongola, poti chimene akukhuta masiku ano n'chomwecho.

Ine mlongo wanu,
Patuma