Sampulo ya Malume M'chikwama cha Ansembe

Aphungu,

Kunja kukuwaza kamvula kosatha kaja, ndipo ngakhale ili 4 koloko, kwayamba kale kuda. Ine ndine wamanyazi, pamaso sindikanatha kunena izi. Ndimasamalira gogo wina wachizungu kuno ku Crumlin, mumzinda wa Dublin.

Vuto ndi malume anga a Bennet, amene anandilera ku Nkhotakota. Pa kampeni, shado wina anawauza kuti boma linavomereza chamba, ndipo iye akapambana aliyense adzayendera galimoto. Malume anazula chinangwa n'kudzala chamba. Munthuyo anapambanadi, foni sayankhanso. Laisensi malume alibe, akuti inathera kwa mabwana a m'tauni.

Tsono ansembe athu, Bambo Aloysius, ali kutchuthi kumudzi. Pobwera amatinyamulira timaphukusi, satsegula n'komwe. Malume akufuna kubisa "sampulo" ya chambacho pakati pa usipa umene akunditumizira kuti ndiwapezere msika. Pa foni ndinati, "Malume, kuno n'choletsedwa." Iwo anati, "Iwe, si unanena wekha kuti pa msewu wanu wa Parnell Street chimanunkha ngati kwathu? Nanga wansembe angamuseche ndani?" Ndinangoti, "Chabwino, malume." Chibadwire sindinawakanirepo. Bambo Aloysius anyamuka Lachisanu. Nditani?

J.M., Crumlin, Dublin
Ndamaliza Lachiwiri, 5 koloko madzulo.

J.M. mwana wanga,

Galu wa pa eyapoti sanabatizidwe, kolala ya wansembe saidziwa. Ndipo zoti chimanunkha pa Parnell Street sizikutanthauza kuti n'chololedwa. Ngakhale zinyalala zimanunkha.

Shado uja ananena theka. Kwathu analoleza chamba cha mankhwala ndi cha kufakitale, kwa amene ali ndi laisensi. Wopanda laisensi apolisi amamunyamulabe. Mavoti anapita kwa shado, laisensi kwa mabwana, malume anu anatsala ndi fungo lokha.

Imbirani Bambo Aloysius lero lomwe, asalandire phukusi lililonse lochokera kwa malume. Musachite manyazi, pakulapa amamva zoposa izi. Malumewo, poti mawu awo amakufooketsani, ajambulireni uthenga pa WhatsApp: muyambe ndi moni, muwathokoze pokulerani, kenako muwauze kuti ayi. Muwauzenso kuti adzalenso chinangwa apolisi asanabwere kudzawakololera. Usipa mukaufunefune kumsika wa pa Moore Street konko.

Adzakwiya, adzati Ulaya wakusinthani. Asiyeni, mkwiyo wa malume umatha. Koma chenjerani: phukusi likagwidwa, shado adzakhala ku Nyumba ya Malamulo, malume pakhonde pawo, Abambo m'chitokosi. Dzina lolembedwa pa phukusilo ndi lanu.

Aphungu