Kusala kwa Ilinca

18 Malichi
Kusala kwakukulu kwayamba. Nyama, mkaka ndi mazira zachoka pagome kufikira Pasaka. M'nyumba yonseyi wosala ndi mtima woona ndi mmodzi yekha: mdzukulu wanga Ilinca, wa zaka khumi ndi zisanu. Atate wake Toader, mwana wanga, amatafuna soseji m'galimoto, kuyesa kuti Mulungu sapenya kupyola galasi.

29 Malichi
Mpongozi wanga Sanda wabwerako kumsonkhano wa makolo kusukulu, kumene namwino anawaphunzitsa kulera ana. Namwino wake wosabala ndi mmodzi yemwe. Akuti mtsikana akamanyotsola chakudya osadya, akamadandaula kuzizira, akamabisa thupi m'majuzi aakulu, makolo achenjere. Ndinati: "Amake Ilinca, kale zimenezo tinkazitcha kudziletsa." Iye: "Bambo, mwanayu sakupemphera ayi, akutha." Mbadwo wogwadira mphika.

13 Epulo
Nyemba ndi kabichi wowawasa. Ilinca analawa chabe, nati wakhuta. Ndinamtamanda pamaso pa onse. Sanda anatuluka, namenyetsa chitseko.

24 Epulo
Ilinca wakomoka m'tchalitchi. Lubani ndi kuimirira, si kanthu kena. Wansembe Grigore anandikokera pambali: "Agogo, ana sitiwasalitsa chotere. Mpatseni mkaka, ndaloleza." Kamnyamata ka ndevu zosadzaza chikhatho, kulangiza ine amene ndinayimba pafupi ndi guwa iko kasanabadwe. Sanda afuna kumka naye kwa dokotala mumzinda wa Suceava. Ndakaniza, ndipo Toader wandimvera. Pasaka wayandikira, mwana adzadya, ndipo onsewa adzagwidwa manyazi.

5 Meyi
Khristu wauka. Nyama ya nkhosa, tchizi, mkate wotsekemera. Ndinagundanitsa dzira langa lofiira ndi la Ilinca monga mwa mwambo, lake nkusweka. Ndinati: "Idya tsopano, mwana wanga, kusala kwatha." Analisenda, naliyang'ana nthawi yaitali. Juzi linatsetsereka, ndipo taonani, mkono wake fupa lokhalokha. Anati chapansipansi: "Agogo, ndayesa. Sichikulowa."

Panalibe wondiyang'ana, ngakhale Sanda.

6 Meyi
Makolo ake amka naye Ilinca kuchipatala m'mamawa. Sanandifunse. Ndinaima pachipata, chipewa m'manja, kufikira galimoto itakhota. Ndasanthula buku lonse la mapemphero. Alimo a odwala malungo, a apaulendo, a ziweto zomwe. Koma la mwana amene agogo ake anamtamanda akutha ndi njala, mulibe.