Amayi ndawatsekera ndekha m'nyumba

Aphungu,

Ine ndi uja m'dera mwathu amati Wailesi, chifukwa pakamwa sipazima. Sukulu ndinalekeza Fomu 1, ine ndi masamu tinagwirizana kuti aliyense ayendere yake. Koma lero nthabwala zandithera.

Miyezi iwiri yapitayo ndinalowa gulu lolondera m'dera. Anatipatsa wezulo, tochi ndi chijaketi chowala chija, ndiye mukanaona kayendedwe kanga, ngati msewu ndinagula ndine. Tsiku loyamba la maphunziro kunabwera wapolisi kudzatiphunzitsa za akuba. Anati wakuba asanathyole chitseko amayamba wasuzumira pansi pa mwala ndi pansi pa chopondera, poti aliyense amabisa kiyi pomwepo.

Ine kuchoka apo, ulendo kwa achemwali anga. Kumeneko ndi kumene akukhala amayi chiwagwirireni sitiroko. Amayenda ndi ndodo, mwendo wina amachita kukoka. Achemwali ndi alamu onse amalawirira ku ntchito, ndipo amakhoma loko kunja chifukwa chaka chatha anawabera TV masanasana amayi ali mtulo. Kiyi ankasiya pansi pa njerwa pakhonde, kuti mayi a khomo loyandikana azitha kulowa kukawazonda. Ndinanyamula njerwayo n'kuwafunsa alamu ngati akubawo amachita kuwatumiziranso khadi lowaitana. Ndinawasereula mpaka anayamba kupita naye kiyi ku ntchito. Zitsulo za m'mawindo onse atatu ndinakakamizanso ndine, wowotcherera ndinakamutenga ndekha.

Sabata yatha kunabwera bambo wina wa ozimitsa moto. Anatimanga nsalu kumaso n'kutikwawitsa pansi, akuti tipeze chitseko mphindi ziwiri zisanathe. Ine ndinali pa ntchito yanga yoseketsa anthu, kukwawa uku ndikulira ngati mbuzi. Atandimasula anandifunsa kuti, "Iwe wosekawe, kwanu alipo amene sangathe kukwawa?" Pomwepo ndinakumbukira amayi. Kenako anauza gulu lonse kuti, "Mukamanga nyumba yoti wakuba asalowe, mufunsenso ngati mwini wake angatuluke."

Aphungu, amayi amaphika tiyi pa mbaula m'nyumba momwemo, pafupi ndi katani, chitseko chili chokhoma kunja, kiyi ali m'thumba mwa alamu kutali uko. Ndawatsekera ndekha ngati nkhuku.

Ndinapita kukawauza alamu. Vuto ndi loti chikwatirireni achemwali, ine ndi iwo sitinayankhulanepo zenizeni, n'zosereulana zokhazokha. Anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, mwezi watha zitsulo, lero tichotse zitsulo. Akadzakuphunzitsani za madzi osefukira mudzati tigule bwato?" Achemwali anati ndisawazunguze mutu atopa. Amayi anangoti ndizisiye, Mulungu alipo, koma ndinaona maso awo ali pachitseko.

Panopa ndikangomva fungo la chopserera, ndimaganiza kuti ndi kwa amayi. Ndikumapita kawiri pa tsiku kukayankhula nawo pawindo, ngati ndikuzonda mkaidi. Ndaganiza njira ziwiri. Ndidule zitsulozo ndi sowo eni ake ali ku ntchito, kapena Lamlungu ndiyatse chisanza pakhomo n'kuwakhomera alamu m'nyumba, alaweko okha. Yabwino ndi iti?

W.K., ku nyumba za lendi kuseri kwa msika

Wailesi,

Zonse ziwiri n'zopusa, ndipo iwe ukudziwa. Koma mantha akowo ndi anzeru. Akusonyeza kuti maphunziro analowa, ngakhale unkalira ngati mbuzi.

Yamba ndi loko, zitsulo zibwere pambuyo. Munthu wamoyo sakhomeredwa kunja, kaya akuba achuluka bwanji. Pachitsekopo paikidwe loko wotsegula ndi kiyi mbali zonse ziwiri. Kiyi mmodzi akhale pa msomali m'kati, pamene dzanja labwino la amayi lingafikire, ndipo ayese kutsegula iwe uli pomwepo ukuwerenga mphindi. Wina apite m'manja mwa mayi oyandikana aja. Wapolisi analetsa njerwa, sanaletse anansi. Mpaka lokoyo atapezeka, kiyi wa loko wakaleyo azitsala kwa mayiwo kuyambira mawa m'mawa.

Mbaula ituluke m'nyumba. Tiyi aziphikiratu achemwali ako asananyamuke, azimusiya m'fulasiki pafupi ndi mpando wa amayi. Za mawindo, zitsulo zisachoke zonse. Muitanenso wowotcherera uja, pawindo limodzi aike zotseguka ngati kachitseko, zotsegulira m'kati. Koma ngati ndi nyumba ya lendi, eni nyumba adziwe kaye.

Tsono chovuta chenicheni ndi choti akukhulupirire. Alamu ako asiye kaye. Peza achemwali ako ali okha, chijaketi chowalacho usavale, ndipo uyambe ndi mawu amene sanawamvepo pakamwa pako: "Ndinalakwitsa ine." Amayiwo ndi awonso. Uwafunse funso lomwe lija anakufunsa wozimitsa moto, kenako utseke pakamwa, ayankhe okha. Zikakanika, pempha bambo wa ozimitsa motoyo adzaione nyumbayo. Zimene alamu akuseka kwa iwe sadzaseka pamaso pa yunifolomu.

Ukanenenso ku gulu lanu. Sindikukhulupirira kuti ndiwe wekha amene unathamangira kukachotsa makiyi pansi pa njerwa tsiku loyamba lija. Yendani khomo ndi khomo, mufunse kumene kumatsala ana, okalamba ndi odwala atakhomeredwa.

Chisanzacho usachiyatse, ngakhale mongoyerekeza. Utsi sudziwa kuti ndi nthabwala, ndipo amayi ako adzakhala m'nyumba momwemo. Komanso tsiku lina udzaimba wezulo uja moto uli weniweni. Anthu akadzamva kuti woimbayo ndi Wailesi, ukufuna adzatuluke ndi ndowa za madzi, osati ndi chiseko.