Dongo Limene Ndinapatsa Marjory

Lolemba, 3 Juni 2024

Wafika Marjory, mwana wa achimwene a Lenard, kuchokera ku yunivesite ku Blantyre. Laputopu kumsana ngati khanda. Akuti kafukufuku wake ndi mbaula zadongo zimene timaumba pagulu lathu, chifukwa chiyani zimasweka mu uvuni. Zimaswekadi, zitatu pa khumi zilizonse. Koma ine zaka 22 ndikuumba, ndiye andiphunzitse mwana wa zikhadabo zopaka utoto?

Akuti kompyuta imawotcha mbaula zikwizikwi m'kati mwake, popanda nkhuni, popanda utsi, kenako n'kunena muyezo wabwino wa dongo, mchenga ndi mankhusu a mpunga. "Imaphunzira yokha, azakhali." Ndinati iyambe yaphunzira kuponda dongo.

Lachitatu, 5 Juni

Mafunso tsiku lonse. Moto maola angati? Mchenga mbale zingati? Amayi onse kumuzungulira, ngakhale a Janeti amene ndinawaphunzitsa ine ndemwe. Wapampando ndine, koma mpando lero anapatsa iye.

Wapempha dongo la kudzenje lathu la kudambo kuti akaliyeze ku labu. Kudambo n'kutali, bondo likuwawa. Ndakumba kuseri kwa khola, lamchengamchenga lija losagwira, n'kumupatsa m'jumbo. Walandira ndi manja awiri, osalifinya n'komwe. Ngati makinawo ali ndi nzeru, adziwa okha.

Lachisanu, 21 Juni

Wabwera ndi pepala. Kompyuta yayesa miyezo 4,000, yasankha umodzi. Mchenga pang'ono zedi. Dongo lathu lenileni n'lomata, mchenga wochepa chonchi ziphulika basi. Sindinanene. Gulu lagwirizana kuumba 60 motsatira pepalalo, oda yonse ya a Filipo ogulitsa pamsika wa Chinakanaka. Atandifunsa maganizo ndinangoti, "Ophunzira anena kale."

Lachiwiri, 16 Julayi

Tatsegula uvuni. Zosweka 41.

Aphunzitsi a Marjory, a Dokotala Winston, anabwera kudzajambula. Nsapato zoyera paphulusa, foni m'mwamba, kenako foni m'thumba. Ndinaseka, sindibisa. A Filipo anakankha njinga yawo yopanda kanthu, osatsanzika. A Janeti kulira, mwezi wathunthu wa ntchito, nkhuni zonse zija. Marjory kugwada, kutola zidutswa, kulemba nambala pa chilichonse. Ameneyu ngakhale pamaliro adzalemba manambala.

Lachinayi, 25 Julayi

Achimwene aimba foni. Akuti ku yunivesite akukayikira ntchito yonse ya mwanayo, mwina abwereza chaka, ndipo omulipirira sukulu amusiya. Sakudya. "Iwe Rosaria, unalipo, chinalakwika n'chiyani?" Ndinati afunse kompyuta.

Nyemba zapserera pamoto ine ndili pomwepo.

Loweruka, 27 Julayi

Wabwera masana, wopanda laputopu. Waonda. Wayeza zidutswa zija ku labu, dongo lake silikufanana ndi la m'jumbo lija. Ataika manambala oona, kompyuta yapereka muyezo pafupifupi wanga womwe, kungowonjezera theka la mbale ya mankhusu. Zaka 22 zanga, iyo yazipeza masana amodzi, n'kuwonjezerapo theka la mbale. Chipongwe.

"Mwina ndinasokoneza majumbo ku labu, azakhali. Ndawauza a Dokotala kuti wolakwa ndine." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Tiyi amene ndinamuthirira sanamwe. Potuluka anaima pang'ono pafupi ndi khola, pamene pali dzenje, n'kupitirira.

Akudziwa.

Mawa gulu likumana tikaweruka ku tchalitchi. Marjory akuti akapepesa pamaso pa amayi onse, a Filipo nawonso awaitana. Wapempha kuti ine, monga wapampando, nditsegule ndi pemphero, kenako ndimuitane aimirire. Ndavomera.

Woyamba kuimirira ndikhala ine. A Janeti adzakhala kutsogolo ngati masiku onse. Ndikati ameni, ndiye ndinene kuti dongo lija ndinalikumba kuseri kwa khola.