Mugule makirisipi, amchere chabe

A Duane,

Musandifunefune, ndathamangira kunyumba ya okalamba kuli mayi anu. Namwino waimba masana ano kuti chiyambire Lamulungu mayi akungokankha mbale osadya, ndipo adokotala akuti tiitane abale. Foni yanu, monga mwa nthawi zonse, mwaisiya pamwamba pa filiji.

Akuti chakudya chokhacho chomwe atchula ndi makaroni a nsomba ya tuna aja ophika mu uvuni. Ndaphika monga anandiphunzitsira iwo, ndi supu wa bowa wam'chitini ndi nsawawa. Mbale yoyamba yapserera ndili pa foni ndi mlongo wanu Marlys, amangolira osamveka chonena. Ndaiviika m'sinki, musaipale. Pepani ndi utsiwo. Yachiwiri ndaikulunga m'thaulo, ndanyamula.

Koma ilibe makirisipi pamwamba. Paketi ndaipeza m'kabati muli mpweya wokhawokha, ndipo khoswe wake tonse tikumudziwa. Mayi anu mukuwadziwa, popanda makirisipi ofumbutula pamwamba amati n'chakudya cha kuchipatala. Ndiye muime pa sitolo mugule. Osati a tsabola mumakonda inu aja, amchere chabe. Musasinthe zovala, musayambe zochotsa chipale chofewa chomwe chagwa pakhomo. Ingobwerani.

Chikwatiwire ine, mayi anu sanadyepo makaroni anga osanena kuti auma. Lero mkaka ndathira wochepa dala. Ndikungofuna alawe, akwinye nkhope, andinyozenso kamodzi.

Fulumirani, chonde.
Arlys