Nkhuku ya Greyson

Lolemba, 10 Malichi 2003

Greyson. Ndi iyeyo anandipereka kwa a imigireshoni mu 1981, chifukwa malemu Benedicta anasankha ine osati iye. Mmalawi mnzanga, wa ku Ntcheu komweko. Ndinagona m'chitokosi mpaka nsabwe kulowa m'nsidze. Sanapepesepo.

Koma lero yabwino. Khansala wathu wauza asikari a mumsika muno ku Kibera, ku Nairobi, kuti ntchito yawo ndi misonkho ndi zinyalala basi. Zoloza alendo opanda mapepala ayi, a imigireshoni azidzifunira okha. Wandiuza ndi Morris, msikari wa mzere wathu: "Mzee Titus, zobisala pansi pa tebulo zatha." Ndamusokera nsapato ulere.

Lachinayi, 13 Malichi

Dzuwa. Nsapato zosoka zambiri. Ndakhala chowongoka tsiku lonse, msana mpaka kudabwa. Madzulo chapati ndi nyemba. Ndaziona, mwana wanga, akuti ndikuimba ngati chule. Aimbe yekha bwino.

Lachiwiri, 18 Malichi

Taonani zodabwitsa! Greyson mumsika, imvi mbuu, jekete la kumayadi ku South C. Tchalitchi chomwe ankayendetsako galimoto chinamupumitsa, chilolezo chake nacho chinatha. Wamva kuti kuno saloza anthu, ndiye wabwera kudzaswera. Wakhala pa benchi langa. Langa! "Mwaswera bwanji achimwene?" ngati tinasiyana dzulo. Ndayankha. Moni sakaniza. Tiyi sindinamugulire.

Loweruka, 22 Malichi

A imigireshoni abwera cha m'mawa, atatu, galimoto asiya kumsewu. Apempha Morris awatsogolere. Iye mwaulemu: "Funsani za laisensi, ndikuthandizani. Zinazo si zanga." Popanda iye, tinjira ta muno ndi matope okhaokha, kalikonse ngati kanzake.

Greyson ali pa benchi, kothawira alibe. Ine mapepala anganso anafa kalekale. Komabe ganizo linabwera: chala chimodzi chokha, mulandu wa 1981 watha. Kenako lina: akamutengera ku Malawi, adzandipepesa ndani?

Ndamuvula jekete, kumuponyera nsapato ndi singano. Weramani, sokani, musatsegule pakamwa, Chiswahili chanu n'cha ku Ntcheu. Adutsa osatiyang'ana n'komwe. Nkhalamba ziwiri zosoka nsapato, ndani ali nazo ntchito?

Wasokerera lilime la nsapato ku chidendene. Nsapato ya kasitomala! Morris waseka mpaka kukhala pansi. Inenso, pang'ono.

Lamulungu, 23 Malichi

Akuti akuluakulu akwiya ndi khansala, mwina lamuloli silikhalitsa. Tebulo langa likadalipo, pansi pake ndasesa.

Greyson wapatsira Ndaziona botolo la soda, eti zikomo. Ndalibweza. Soda ndi ya mulandu wopondana phazi.

Zaka zapita, chifuwachi sichinama. Ndisanafe ndikufuna chimodzi. Nkhuku. Yamoyo, yachikuda, osati zoyera za m'sitolo. Aikwapatire yekha m'matatu, minibasi ya kuno, kuchokera ku South C, imuipitsire jekete lakelo, anthu amuseke. Afike pa benchi langa, agwade, aombe m'manja monga kwathu, anene kuti "Ndinalakwa, achimwene."

Akatero tidzaidya limodzi. Chiwindi ndi nthutumba n'zanga.